Kabokosi Mumtengo wa Mango

Achemwali anga a Mastura akhala akuwamba milamba m'mphepete mwa nyanja ya Chiuta chiyambire utsikana wawo. Maso awo ndi ofiira ngati achokera pamaliro, ndipo kapulana wawo womanga m'chiuno, kaya mumuchape ndi sopo wanji, amanunkhabe utsi. Ana anayi awalera ndi uvuni wawo wowambira nsombazo. Ndi munthu wosamva za mnzake, ine mpaka ndinatopa nawo, koma nanga nditani poti ndi amene anandilera.

Chaka chatha kunabwera anthu a ku univesidade, ofufuza za utsi ndi matenda a m'chifuwa. Mayi aliyense wowamba nsomba anamupatsa kabokosi kovala pachifuwa, koyeza utsi umene akupuma. Anafotokoza bwinobwino kuti opezeka akupuma utsi wambiri awaunika mapapo n'kuwamangira uvuni wa chumuni.

Achemwali anangogwirapo mawu amodzi, akuti kuunika. Apo n'kuti atayamba kale kutsokomola mobisa, kuseri kwa mulu wa nkhuni. Ankaopa kuti akawapeza ndi chifuwa chachikulu, amalonda apanjinga asiya kuwagula nsomba, ndipo alamu, a Athumani, akakhaliratu kwa mkazi wamng'ono.

Ndinawapezerera akukoleka kabokosi kaja mumtengo wa mango, kutali ndi moto.

"Achemwali, mukudzinamiza nokha," ndinatero.

"Iwe, usandiphunzitse. Chifuwachi n'changa. Ukakangoulula, pakhomo pano usadzapondenso."

Akamva kuti ofufuza ali m'mudzi, ankakatsitsa msangamsanga n'kukavala, kumwetulira kuli mwee.

Tsiku la zotsatira, mtsikana wa ku univesidade anawagwira chanza mosangalala. Akuti mudzi wonse palibe wopuma mpweya wabwino ngati iwo. A Shakila oyandikana nawo anawaunika, anawapeza ndi nthenda, anamwa mankhwala. Lero anenepa, utsi wa uvuni wawo ukungopita kumwamba, ndipo amalonda akuwagulabe. Ofufuza aja anabwerera kwawo.

Ine pano ndili ndi mantha, mantha enieni. Achemwali atha thupi, zibangili zikufika m'chigongono. Ndikatchula za chipatala amanditolera chikuni. Dzulo ndikuwachapira ndinaona magazi kumphepete kwa kapulana, kumene amapukutira pakamwa. Ndinawaonetsa magaziwo.

"Ndi a mlamba amenewo," anatero, osandiyang'ana.

Mwera wakhala ukukuntha sabata yonseyi, palibe bwato lomwe lalowa m'madzi. Pakhomo paja palibe mlamba ndi umodzi womwe.