Ndinakumana ndi mkulu wa mpingo kwa mlangizi wa maganizo

Lachiwiri lapitali ndinanamiza mkulu wa mpingo, iwonso n'kundinamiza.

Ndinali m'chipinda chodikirira pa kiliniki ina ku Rockingham, kumapeto kwa mzinda umene ndimakhala kunja kuno, masiki kumaso, jekete litanyowa ndi mvula. Ndinkadikira mlangizi wa maganizo amene ndakhala ndikukumana naye kwa masabata angapo tsopano. Chitseko chake chitatseguka, munatuluka bambo wamtali wa imvi. Masiki inabisa nkhope, koma kayendedwe ndinakazindikira. Anali a Kamwendo, katswiri wa miyala ku migodi ya kumpoto, amene amatsogolera mapemphero kumpingo kwathu ku Mirrabooka, mbali ina ya mzindawu. Dzinalo ndasintha, koma nkhaniyi andilola kulemba.

Tinagundanitsa zigongono. Ndinawauza kuti ndabwera kudzayezetsa magazi. Iwo anati bondo likuwavuta. Tonse tinkadziwa kuti m'chipinda chimenecho sayeza magazi, ndipo bondo saligwira.

Ndinafika bwanji pampando umenewo? Ndimayendetsa makina onyamulira katundu pa depoti ina ku Kewdale. Mu Juni ndi Julayi ndimachoka pakhomo kusanache, n'kubwerako dzuwa litalowa. Kenako mayi anga anadwala ku Dedza malire a mayiko ali otseka chifukwa cha mliri, ine n'kumangowaonera pafoni. Anachira, koma mtima wanga sunabwerere m'malo. Chakudya chinasiya kukoma. Mpira wa Loweruka ndi anzanga ndinausiya. Foni ikalira ndinkangoiyang'ana mpaka itasiya.

Mkazi wanga anapirira masabata angapo, kenako tsiku lina m'mawa anandiimitsa pakhomo.

"Bambo a Tadala, chikanakhala chifuwa bwenzi mutapita kale kwa dokotala. Ichi mukuchisungiranji?"

Ndinamuyankha mwaukali kuti sindine wamisala. Sanalimbane nane. Anangondipezera tsiku kwa dokotala wathu, amene atandifunsa mafunso ambirimbiri ananditumiza kwa mlangizi. Ndinapempha chinthu chimodzi: akhale wakutali, kumene sindingakumane ndi Mmalawi.

Mlangiziyo sachita zozizwitsa. Amamvetsera, amafunsa, nthawi zina amangokhala chete mpaka ine nditanena chimene ndimachizemba. Anandilangiza kuti pa nthawi ya nkhomaliro ndizituluka panja kukawothera kadzuwa kalikonse kamene kapezeka, ndipo sabata iliyonse ndiziimbira foni munthu mmodzi. Tsopano ndikugona bwino. Mpira ndinabwererako, ngakhale kuti miyendo ikudandaula.

Nditatuluka Lachiwirilo, ndinapeza a Kamwendo ali m'galimoto mwawo, pafupi ndi yanga. Anali atandidikira ola lathunthu. Anatsitsa galasi.

"Mwana wanga, bondo langa lili bwinobwino."

"Nanenso bambo, magazi sindinayezetse."

Tinaseka mpaka magalasi awo a m'maso anachita nthunzi. Anandiuza kuti amakhala masabata awiri ku mgodi, m'kachipinda ka munthu mmodzi, ndipo maliro a mng'ono wawo anawaonera m'menemo, pafoni, okha. Atabwera kunyumba anapitiriza kuima kutsogolo kwa mpingo, kulimbikitsa ena, iwo mkati mukugumuka. Nawonso anasankha Rockingham pothawa maso a anthu. Amuna awiri, mpingo umodzi, aliyense kuwotcha mafuta kudutsa mzinda wonse kuti mnzake asamuone!

Ndinawafunsa ngati sizikuwavuta, iwo munthu wa pemphero, kukaulula za mumtima kwa munthu wachilendo. Anagwira magalasi awo n'kunena kuti maso awo amawapempherera tsiku lililonse, koma magalasi amavalabe.

Tinakamwa tiyi pafupi ndi nyanja, mvula ikuwomba mawindo, ndipo tinagwirizana zopempha nthawi zotsatizana kwa mlangizi kuti akakhala m'tauni tiziyenda pa galimoto imodzi.

Chikundisautsa n'chakuti kumpingo timaimirira n'kulengeza shuga, msana, mutu waching'alang'ala, ndipo anthu amabwera kudzatizonda ndi zipatso. Koma mtima ukalemera timati tatopa ndi ntchito. Tikuopa chiyani? Kuti azinena kuti tinabwera kunja n'kufooka? Kuti akumudzi adabwa kuti munthu wokhala ndi galimoto ndi madzi otentha akudandaula chiyani? Madzi otentha sacheza nawe. Kwathu ukakhala chete masiku awiri, wina amagogoda. Kuno chitseko cha galaja chimatsika, ndipo ukhoza kuzimirira mwezi wonse anthu akuganiza kuti uli pa shifiti.

Sindikunena kuti aliyense wokhumudwa ndi mvula athamangire kwa mlangizi. Koma ngati masabata akutha chakudya chisakukoma, tulo tikuvuta, anthu ukuwathawa, kauze dokotala. Ine ndinachedwa, ndipo amene anavutika ndi kuchedwako ndi banja langa.

Nanga inu, tsegulani foni yanu. Ndani wangoti zii chiyambireni kuzizira, amene munamufunsa kamodzi, anati ali bwino, inu n'kukhutira?