Kamuvi Kanaloza M'fodya wa Alamu

Mwana wanga wachiwiri ankathamanga. Sankathamangira basi kapena mbuzi yoduka chingwe, ankangothamanga m'mawa uliwonse ngati ntchito. Ntchito yake yeniyeni inali ya zaumoyo ku Boma, kuyeza ana sikelo ndi kuthira mankhwala m'zitsime. Lachisanu likakwana ankabwera kuno kwa Lukwa ndi mkazi wake ndi kamwana kawo, n'kubwerera Lolemba. Ine ndine wamasiye. Bambo ake anatisiya ana akadali pasukulu, ndipo ndinatsala pamudzi pomwe pano pamene ananditengera chitengwa, pakati pa abale a amuna anga.

Chaka chimenecho, nthawi yothyola fodya, anabwera ndi wotchi yakuda yonenepa. Anamupatsa mnzake wa kuntchito amene anali atapeza ina. Kunsi kwake, mbali yokhudza khungu, kunali kagetsi kobiriwira kothwanima. Asanayambe kuthamanga ankaima pabwalo atatukula dzanja, maso ali pawotchipo.

"Ukupemphera?" ndinamufunsa tsiku loyamba.

"Ndikudikira andipeze, amayi. Kuli makina kumwamba uko, kupitirira kumene kumadutsa ndege. Akandiona, wotchi imayamba kulemba paliponse pamene ndaponda."

"Ndiye Mulungu wapeza omuthandiza," ndinatero, n'kupitiriza kusesa.

Chimene chinkadabwitsa anthu si kuthamangako ayi, koma kuti ankathamanga pang'onopang'ono. Wotchiyo inkamvera mtima wake. Mtima ukafulumira kuposa muyeso umene iye anaika, inkalira n'kunjenjemera, iye n'kuchepetsa, mwina mpaka kuyenda kumene. Ankakonzekera mpikisano wa mtunda wautali ku Lilongwe, ndipo ankati mpikisano wotere sufuna munthu woliyatsa liwiro tsiku lililonse. Mtima umafuna kuuphunzitsa ngati ng'ombe imene yangoyamba goli, ukaikwapula tsiku loyamba imagona panjira. Tsiku lothamanga mwamphamvu linalipo, koma masiku ambiri anali oyenda ndi mtima wodekha.

Amene sankamusiya ndi alamu anga, mng'ono wa malemu amuna anga, munthu wapakamwa kuyambira unyamata wake. Ankandiuza okha madzulo zimene amukuwira m'mawa. Amati: "Iwe! Kuthamanga kumeneko nkhuku yomwe ikukupitirira! Bwera udzathirire nazale, thukuta lisapite pachabe!" Ndiye mwana ankayankha akudutsa: "Bambo aang'ono, wotchi yakana!"

Tsiku lina ndikusoka fodya pachigafa, manja ali bii ndi phula, anabwera n'kundimanga wotchiyo padzanja.

"Onani kamtima kofiirako. Ndi inuyo amenewo."

Ndinayang'ana. Kamtimako kankaphethira, pambali pake pali manambala. Iye anati mtima wanga ndi wofatsa kuposa wa anzake ena othamanga nawo. Kenako anakhala pansi, nkhope itagwa, n'kunena kuti: "Amayi, pali nkhani. Ntchito ija ndasiya."

Ndinaponya singano. Iye anandigwira dzanja akuseka mpaka misozi. "Onani! Onani mmene akukwerera manambala!" Ndinatola mkangala, ndodo ija timapachikira fodya, n'kumuthamangitsa kuzungulira chigafa, wotchi ikulira padzanja panga. Mkazi wake anaseka mpaka kukhala pansi.

Koma kumene ankathamangira sindinkakudziwa. Ankatuluka kuseri kwa khola la mbuzi, dzuwa likakwera n'kutulukira mbali ya kutchalitchi, malaya atanyowa. Ankandionetsa njira yake pagalasi la wotchi. Inkaoneka ngati ulusi umene wagwa pansi n'kupindikapindika, ine osazindikirapo kanthu.

"Tikagulitsa fodya ndidzakuyendetsani," ankatero. "Mudzaone mudzi wanu mmene ulili kumbuyo."

Fodya anagulitsidwa. Kenako kunabwera kukolola chimanga, maliro a kumudzi wina, kufolera nyumba, mpaka tinafesa nazale ina.

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, minibasi imene mwana wanga anakwera inaphulika tayala pamsewu waukulu. Za tsiku limenelo sindilemba. Wotchi inabwera kuchokera kuchipatala m'jumbo, pamodzi ndi lamba ndi nsapato. Galasi linali litakalika pakona, koma inkayendabe.

Titasesa maliro, akuluakulu a mbali zonse ziwiri anakhala pansi kugawa katundu. Malaya anapita kwa abale ake, njinga kwa mng'ono wake. Za wotchi anati ndi ya mdzukulu wanga, ikhale ndi amake, adzavale akadzakula. Ndinavomera, ndipo mpaka lero ndimaona kuti anagamula bwino. Mpongozi wanga anatsala ndi ine miyezi yonse ya chisoni. Tinkalima limodzi, kudya limodzi, koma za iye sitinkakamba kwambiri. Mu Febuluwale akuluakulu anaika tsiku lomusudzula, kuti amasuke abwerere kwawo ku Ntchisi. Linali Loweruka la sabata yotsatira.

Sabata imeneyo chinthu chimodzi chinandikhala pamtima. Pamene mwana wanga anabadwira ndimapadziwa. Pamene wagona ndimapadziwa. Mpando umene ankakhala, kapu imene ankamwera, zonse zilipo. Koma m'mawa uliwonse ankachoka pamaso panga n'kupita kwinakwake m'mudzi mwanga momwe muno, ndipo ine kumeneko sindinapondeko. Anthu ankandiuza zidutswazidutswa. Wina amati ankadutsa kumjigo, wina amati ankamuona kudambo. Ndinkafuna njira yonse, kuchokera pakhomo mpaka kubwerera pakhomo.

Ndinamuuza mpongozi wanga tikusenda nthanga za maungu. Iye anati:

"Amayi, njirazo zili m'wotchi. Imasunga. Ndipo imatha kutsogolera munthu, pamabwera kamuvi koloza kopita. Iye anandiphunzitsa kutsegula kwake."

"Ine ndingathe?"

"Nokha ayi, mabatani ake ndi ovuta. Koma tikapita awiri."

Wotchiyo inali itazima kalekale. Mpongozi wanga anakaitchaja pa sola ya kugolosale, ndipo Lachinayi m'mawa, mdzukulu wanga tamusiya ndi mlongo wa bambo ake, anandimanga padzanja. Palamba la wotchiyo, bowo limene mwini wake ankamangira linali lotanuka. Langa linali lakumapeto kwenikweni. Lambalo linali likadali ndi fungo la thukuta lake. Ndinaima pabwalo nditatukula dzanja, monga ankachitira, kudikira a kumwamba aja andipeze. Inanjenjemera, kamuvi n'kuloza kuseri kwa khola.

Tinayenda. Tinadutsa pamjigo, amayi otunga madzi anatipatsa moni n'kutiyang'ana mpaka titakhota. Tinatsikira kudambo, kumene madzi anali atafika m'nsonga za udzu, tinawolokera pachipika. Kutsidya kuli bwinja, pamene panali mudzi wakale, patsala mitengo ya mango yokhayokha. Zaka zonse zimene ndakhala pamudzi uno sindinadziwe kuti ukaima pamenepo phiri la Kasungu limaoneka lonse, kuyambira patsinde. Ndinaima. Mpongozi wanga sanandifulumize.

Kuchoka pabwinjapo njira imakwera kamtunda kopita pachulu chachikulu. Tili pakati, wotchi inalira n'kundinjenjemera padzanja. Ndinadzidzimuka.

"Ikuti muchepetse, amayi. Mtima wathamanga."

"Ikundiuza ine?"

"Imauza aliyense amene waivala. Muyeso wake ndi womwe uja anaika iye."

Ndinaseka. Kanali koyamba kuseka chimwalirire, ndipo kuseka kwake kunathera kwina. Tinakwera pang'onopang'ono mpaka inasiya kulira.

Kuseri kwa chulu ndi kumene zinavuta. Kamuvi kanaloza m'munda wa fodya. Njira panalibe. Panali mizere yokhayokha, fodya wofika m'chifuwa, masamba otambalala okhudzana. Apo ndi pamene ndinazindikira. Mwana wanga anathamanga njira imeneyi m'chilimwe, minda ili mbee, pamene aliyense amadula pakati pa munda wa mnzake. Mvula ikagwa tinjira timeneti timafa, makasu amatikwirira. Wotchi za mvula sinkazidziwa. Ndipo mundawo unali wa alamu anga.

Tinayesa kulambalala m'malire. Wotchi inalira kuti tasiya njira, kamuvi kanatembenuka kuloza m'mbuyo. Tinabwerera. Ndinakwinya chitenje n'kulowa pakati pa mizere, dzanja nditalitukula pamwamba pa masamba kuti ndizikaona kamuviko.

"Eee! Ndani ameneyo?"

Alamu anatulukira pakati pa fodya, anali akudula nsonga. Atandiona, anayang'ana dzanja langa, nkhope n'kusintha. Kuno kwathu munthu woyenda m'munda atatukula kamakina timamudziwa. Alangizi a makampani a fodya amatero akamayeza kukula kwa munda. Ndipo pamudzi pano mkazi wobwera, mwamuna atamwalira, mwana wamwamuna atamwaliranso, akayamba kuyeza malo, anthu amamva zina.

"Alamu, mwafika pamenepa? Achimwene anapita kalekale, munda wanga simunauyeze. Lero mwana wangogona kumene, dothi silinaphwe, mwabwera ndi makina? Wakutumani ndani? Alongo anu?"

Sanali kuseka. Chibwerere pamudzi pano anali asanandilankhulepo choncho. Mpongozi wanga anagwada m'malire muja, mutu pansi.

"Sindikuyeza munda, alamu," ndinatero. "Munda wanu ndiufuniranji, wanga womwe ukundikanika. Ndikutsata mapazi a mwana."

"Mapazi ati? Mvula yonseyi?"

"Ali umu." Ndinatambasula dzanja.

Anayandikira n'kuyang'ana. Anaona galasi lokalika lija. Anaizindikira, pakuti anali ataitukwana m'mawa wambiri. Anachotsa chipewa n'kuchivalanso.

"Dikirani tikolole," anatero, mawu atatsika. "Fodya akachoka mudzadutse mmene mungafunire. Panopa muthyola masamba."

"Loweruka wotchiyi ikupita ku Ntchisi ndi mwini wake."

Anayang'ana mpongozi wanga, anayang'ana fodya wake. Fodya ameneyo anali wabwino, ndipo tsamba lothyoka silibwerera. Wotchi inaliranso padzanja panga, ngakhale ndinali nditangoima.

"Imeneyo ikuti chiyani tsopano?"

"Ikuti mtima wa amayi wathamanga," anayankha mpongozi wanga ali chogwada.

Alamu anatembenuka kutipatsa msana. Anakhala choncho kanthawi, akuchita ngati akuyang'ana mbozi patsamba. Kenako analoza ndi chibwano.

"Ankalowera apa pomwe mwaimapa, n'kulunjika pamsuku uwo. Makina anuwo sakunama. Dzukani mayi, bwerani. Pindani zitenje, muziponda pamene ndaponda ine. Masamba apansiwa ndikuthyola mawa, mukandiwonongera mudzasoka nokha."

Anatsogola, akukweza masamba ndi mkono kuti tidutse, ife pambuyo chowerama. Kamuvi kankaloza pamsana pawo. Pamsuku anaima n'kutionetsa kumunsi kumene kunali nazale yawo. Anati mwana ankafika apo n'kumwa madzi a m'kheni yothirira, osapempha, n'kuwauza kuti mbande zawo zawonda. Anati tsiku lina anamuthamangitsa ndi khasu mwamasewera, mwana n'kuliyatsa liwiro lenileni, ndipo m'pamene anaona kuti amathadi kuthamanga.

"Koma inu mukuyenda ngati iye yemwe," anatero tikutuluka kumapeto kwa munda. "Nkhuku ikupitirirani." Anabwerera m'fodya osatsanzika.

Kuchoka apo njira inali yodziwika, kudutsa kuseri kwa sukulu, kutulukira patchalitchi, n'kulowa pabwalo panga kuchokera kumadzulo, mbali imene ndinkamuonera akubwera. Titafika pakhomo wotchi inanjenjemera nthawi yaitali. Mpongozi wanga anandionetsa pagalasi. Ulusi uja unali utakumana nsonga ndi nsonga, ndipo tsopano ndinkatha kuloza kuti apa ndi padambo, apa pabwinja, apa m'munda wa alamu.

Loweruka anamusudzula. Wotchi ndinaikulunga ndekha m'kansalu n'kuiika pansi pa chikwama cha mdzukulu wanga. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu pokwerera kabaza.

Njirayo ndimaiyenda tsopano, makamaka Loweruka, tsiku limene iye ankadzukira kuno. Wotchi ndilibe ndipo sindisochera. Pakamtunda ka pachulu ndimagwira pakhosi ndi zala ziwiri, ndikamva kuti ukugunda mofulumira ndimachepetsa. Pabwinja ndimaima kuyang'ana phiri. Sindidziwa ngati iye ankaima pamenepo, kapena zimene ankaganiza akamadutsa. Zimenezo ndikanamufunsa tikanayenda awiri.

Mvula yotsatira alamu anawokeranso fodya m'munda womwe uja. Kuchokera pachulu kukafika pamsuku anasiya kampata kokwana munthu mmodzi. Nditawafunsa anati mbande zinawathera.