Kompyuta ya Pakona Yotchedwa Shakila

Atumani amakonza makompyuta kuseri kwa msika wa Mangochi, m'kashopu komwe anthu amakalembetsanso makalata ofunsira ntchito. Ndi munthu wosayankhulayankhula. Koma muwafunse za zilembo zomatidwa kunsi kwa laputopu, mwaziputa dala: akuuzani kuti chilembo choyambacho ndi mtundu wake, nambala yotsatirayo ndi kukula kwa sikirini, inayo ndi m'badwo. Dzina silinama, amatero, amanama ndi wogulitsa. Wina akabwera ndi makina a kaunjika n'kumati ndi atsopano, iwo amangowatembenuza, kuwerenga, n'kumubwezera. Amadziwanso mibadwo ya Windows: 7, 8, kenako 10. Mukafunsa kuti nanga 9 inalowera kuti, amangoti inadumphidwa basi, n'kupitiriza kumasula tizitsulo tawo.

M'shopumo muli makompyuta anayi olumikizidwa ku printa imodzi, ndiye iliyonse imafunika dzina lake. Lamulo la Atumani n'losavuta, dzina la dera lawolo ndi nambala: MPONDA-1, MPONDA-2, MPONDA-3. Yachinayi, yakalekale ya pakona, yochedwa kuyaka ngati nkhuni zaziwisi, dzina lake ndi SHAKILA.

Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo akazi awo, Alima, anali oyembekezera. Atumani anagula kompyutayo miyezi yomweyo, ndipo itafunsa dzina, iwo ndi phuma lawo analemba limene anasungira mwana. Akuluakulu amaletsa kutchula mwana asanabadwe, koma munthu wachimwemwe amamva ngati? Mwanayo anabadwa osalira. Anamuika tsiku lomwelo wopanda dzina, ndipo m'mawa mwake Atumani anatsegula shopu nthawi ya masiku onse. Sanalire. Kunena zoona, chiyambire pamenepo samva kanthu mumtima: amadya, amapita ku mzikiti, amagona. Anthu afunapo kugula kompyutayo kangapo, iwo toto. M'mawa uliwonse amayamba kuyatsa imeneyo, dzinalo n'kuoneka pasikirini. Padziko lonse ndi pokhapo pamene mwana uja analembedwa.

Chaka chino Alima achira mwana wamkazi, wamoyo, wolira mpaka aneba kudzasuzumira. Tsiku lachisanu ndi chimodzi linakwana, mawa lake kuli kutcha dzina, Atumani asanatchule lililonse. Akafunsidwa ankangoti lililonse lili bwino. Mwanayo ankamunyamula mosamala, inde, koma ngati laputopu ya eni ake.

Alima ankadziwa za kompyuta ya pakona ija ngakhale anali asanainenepo. Tsikulo anazinena.

“Bambo, dzina lija ndikulifuna. Shakila. Uyu ndi amene adzayankhe tikamuitana.”

“Lili ndi mwini wake,” anatero Atumani.

“Mwini wake sanalimve. Ndipo mwana wanga sagawana dzina ndi makina. Kalichotseni.”

Atumani sanakangane nawo, poti kukangana kumafunanso mtima. Anakwera kabaza dzuwa likuswa mtengo, kufika ku shopu, kudzitsekera. Anayatsa kompyutayo n'kuidikira ichite zochedwa zakezo. Atalowa posinthira dzina, anafufuta chilembo chimodzichimodzi kuyambira kumapeto mpaka m'kabokosimo munatsala mbee. Linayenera kulowa ndi MPONDA-4, lamulo ndi lawo lomwe, koma zala zinakana. Anaganiza zongoisiya choncho yopanda dzina, monga anapitira mwana uja. Anadina.

Kompyutayo inakana. Anadinanso, inakananso. Sinalole kupitirira m'kabokosimo mulibe dzina.

Anayang'anitsitsa sikiriniyo. Kunja wina ankaitanira usipa, wina anagogoda pachitseko kufuna fotokope, n'kubwerera.

“Chitsulo ichi chikukana,” anatero okhaokha. “Ife tinalola.”

Pamenepo chinawapweteka, chinawapwetekadi, koyamba m'zaka zisanu ndi chimodzi. Analira ngati mwana, chipumi chili pakiyibodi, mpaka m'kabokosimo munadzaza zilembo zopanda mutu. Atapukuta m'maso anazifufuta, kulemba MPONDA-4, n'kuzimitsa.

Anatuluka n'kukwera kabaza kukafuna mbuzi ya mwambo wa mawa. Panjira anapeza kuti dzina lija akhala akuliwerenga tsiku ndi tsiku, koma sanalitulutsepo pakamwa. Anayesa kulitchula chapansipansi. Anayesanso mokwezako, mpaka wakabaza anacheuka n'kufunsa ngati akuitana munthu.

“Eya,” anatero Atumani. “Mwana wanga.”