Tinathowa Miyendo Yosamva

Chizindikiro choyamba chinali funso. Amuna anga, bambo a Tadala, ali chigonere m'mbali mwa msewu wochokera ku Chamama, anandifunsa kuti, "Kodi miyendo yanga ili kuti?" Miyendoyo inali pomwepo, yonse iwiri, nsapato zili kuphazi, popanda ngakhale kadontho ka magazi. Ine ndinawakalipira kuti asiye zachibwana, adzuke tizipita.

Linali Lachinayi, mwezi wa Novembala, m'zaka zija za makuponi. Tinali titatha masiku awiri pamzere kudikira feteleza wotsika mtengo. Titapeza matumba athu awiri, tinaphatikiza ndi a anzathu pangolo imodzi. Pa kamlatho ka mitengo ng'ombe ina inadzidzimuka ndi njinga yamoto, gudumu linaphonya, ngolo n'kupendekeka. Bambo a Tadala anagwa pansi, matumba atatu n'kuwagwera pamsana.

Anthu anayamba athamangira matumba awo kukaona ngati ang'ambika. Ena anagwada n'kumawola feteleza wotayika ndi manja, munthu ali gone pambali pawo. Atatha zimenezo ndiye anawanyamula, wina m'khwapa, wina kumiyendo, msana utapindika ngati thumba losadzaza. Anawakhazika tsonga pangolo yomweyo, n'kuwayedzamiritsa kumatumba. Za chipatala palibe anatchula, ngakhale ine. Bala panalibe, magazi panalibe, ndipo kumwamba kunali kutada, aliyense ankafuna feteleza wake afike pakhomo asananyowe.

Kunyumba kunabwera alamu anga aNaphiri, achemwali awo aakulu, munthu wodziwa zonse. Anatsina miyendo ija n'kunena kuti, "Mitsempha yangokokana iyi. Athoweni, mawa adzuka." Kuthowa tonse tinakula nako. Munthu akabinya mwendo, mayi akachira kumene, timaviika nsalu m'madzi otentha n'kumasindikiza pamalo powawa. Ndinateleka madzi, ndinang'amba chitenje chakale, n'kuyamba ntchito.

Nditasindikiza kawiri katatu, bambo a Tadala anati, "Madzi ake ndi amenewa? Akuzizira awa, sindikumva kanthu. Sonkhezerani moto."

Ndinasonkhezera. Madzi anafika pobwadamuka, moti nsalu sindikanatha kuigwira ndi manja, ndinkaivuula ndi mthiko n'kuifinya ndi timitengo tiwiri. Iwo ankangoti sakumva, alamu n'kumati tsiku limene adzamve kutentha ndiye kuti magazi ayamba kuyenda. Ndinawathowa ntchafu zonse ziwiri, chiuno ndi phazi lamanja, m'mawa ndi madzulo, masiku atatu. Nthunzi inkachita kudzaza m'chipinda. Ine mwini zala zinkandipsa, koma nzeru yoti chimene chikundiwotcha ine chikuwotchanso iwo sinandifikire. Umbuli ndi matenda, abale.

Lachisanu sanakodze tsiku lonse. Mimba inatupa m'munsi mwa mchombo, n'kulimba ngati dzungu. Loweruka mkodzo unayamba kudontha wokha iwo osadziwa, ndipo pantchafu panatuluka matuza aakulu. Alamu anati amenewo ndi matenda akutuluka, anawaboola ndi singano n'kuwazapo phulusa. Lamulungu anabwera a kumpingo kudzapemphera. Anaimba nyimbo imodzi yokha, amayi ena atatseka mphuno ndi nsonga ya chitenje, kenako onse anatulukira panja kukamalizira pemphero pansi pa mtengo wa mango.

Lolemba m'mawa ndikuchotsa nsalu imene ndinawafunditsa, khungu linatsalira pansaluyo. Pansi pake panali potuwa, pena pakuda, pakuchucha madzi achikasu. Fungo lake sindingalifanizire ndi china chilichonse. Ntchentche zinachita kuitanizana mudzi wonse. Ndinathamangira kuseri kwa nkhokwe n'kusanza mpaka ndulu, kenako ndinabwerera kukawapatsa phala ngati palibe chachitika. Lachiwiri thupi linatentha, anayamba kunjenjemera ndi kubwebweta, akuitana ng'ombe mayina. Apo m'pamene ndinasiya kumvera aliyense n'kukafuna galimoto.

Kuchipatala nesi atavundukula chitenje anabwerera m'mbuyo pang'ono. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mwawawotcha ndi chiyani bambowa?"

Ndinanama. Ndinati zangotuluka zokha chifukwa chogona.

"Mayi, zilonda zogonera zimatuluka kumatako ndi kuzidendene. Sizituluka pamwamba pa ntchafu."

Sanandifunsenso. Anawalowetsa kapaipi ka mkodzo, ndipo thumba linadzaza nthawi yomweyo ndi mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Anawaika diripi, anawagoneka pathabwa n'kuwamanga kuti asagwedezeke, n'kutitumiza ndi ambulansi ku chipatala chachikulu cha mumzinda. Chichitikireni ngozi, kameneko kanali koyamba kuti msana wawo unyamulidwe mowongoka, patatha masiku asanu.

Atawajambula, dokotala anandiitanira pambali. Anati fupa la msana lathyoka ndipo lafinya mtsempha waukulu umene umalamula miyendo, chikhodzodzo ndi matumbo. Anati za kuyenda sangandilonjeze. Kenako anawonjezera kuti, "Koma chimene chingawaphe sabata ino si msana ayi. Ndi zilondazi. Tizilombo talowa m'magazi." Anati msanawo sangaung'ambe thupi lili ndi mafinya chotero, ndipo phazi lamanja mwina alidula. Ndinatuluka n'kukakhala pakapinga, ndikuyang'ana manja angawa. Ngolo inawathyola, inde, koma amene ankawapha ndinali ine.

Tinakhala m'wodi imeneyo miyezi inayi. Moyo wa gadiyani ndi wa galu, ndisakubisireni. Ndinkagona pansi pa bedi, pachitenje. M'mawa tinkatulutsidwa kuti akolope, n'kukaima padzuwa kudikira kuti madokotala amalize kuyendera odwala. Kuphika kunali kukhitchini ya magadiyani, kolimbirana mafuwa ndi kuberana nkhuni. Wodwala wanga ankafunika kutembenuzidwa maola awiri alionse, anthu atatu pamodzi, mutu, chiuno ndi miyendo zitembenukire limodzi ngati chipika. Tinkathandizana ndi amayi awiri a mabedi oyandikana nafe, ine ndikawathandiza awo, iwo andithandize anga.

Tsiku lililonse nesi ankatsuka zilonda ndi madzi a mchere, ine nditagwira beseni. Kanayi konse anapita nawo kufiyeta, kuchipinda cha opaleshoni, kukapala mnofu wakufa. Chimbudzi sichinkatuluka chokha. Anandiphunzitsa kuvala gulovu ndi kuwathandiza ndi chala, tsiku lina n'kudumpha lina. Ndisaname, ndinkanyansidwa. Mwamuna amene ndinabereka naye ana atatu ndinkamugwira nditapotoza nkhope, ndikatero n'kudzinyansanso ndekha chifukwa chonyansidwa. Chakudya chinkandikanika. Sopo ndinkasamba mpaka manja kusuka, koma fungo lija linkakhala ngati lamera m'mphuno.

Iwo sankadziwa za zilondazo. Atagona chagada sakanatha kudziona, ndipo ululu sankaumva. Ankaganiza kuti ndi zilonda zogonera ngati za anzawo m'wodimo, ine osawatsutsa. Ndinkaganiza kuti masiku amene ankabwebweta aja anawaiwalitsa zambiri, ndipo ndinkathokoza Mulungu mwakachetechete kuti aiwala.

Alamu anabwera kamodzi, mu Januwale, ndi phava la nthochi. Anaima pakhomo pa wodi, osayandikira bedi, n'kuyamba kundinong'oneza kuti kumudzi zadziwika, ngozi ija inali yokonza, wachita ndi munthu wina amene dzina lake silinatuluke pa makuponi. Ndinati, "Alamu, ngati mukufuna mfiti musavutike n'kuombeza. Ndi ine ndi inu. Ine ndinagwira nsalu, inu munagwira singano." Ananyamuka osatsanzika, nthochi anapita nazo. Pambuyo pake ndinamva kuti feteleza wathu uja anathira m'munda mwawo, ati kuopa kuti angaume.

Kutentha thupi kunasiya patatha masabata atatu. Phazi linapulumuka, koma zala ziwiri anadula. Mu Febuluwale anasenda khungu kuseri kwa mwendo wamanzere n'kumata pantchafu pamene panakana kutsekeka. Pofika nthawi imeneyo dokotala anati nyengo yokonza msana ndi opaleshoni inadutsa, fupa lalumikizana lokha mmene linakhalira. Ndinamufunsa ngati akanayenda tikanabwera tsiku lomwelo. Anati, "Zimenezo palibe angadziwe, mayi. Chimene ndikudziwa n'chakuti miyezi iwiri mwa itatu imene mwakhala muno, takhala tikuchiza moto."

Tsiku limene ndinkaliopa linafika mu Malichi. Mayi wa mafizo, amene ankabwera kudzawongola miyendo kuti isaume, anati lero tiwakhazike. Anawadzutsa pang'onopang'ono chifukwa cha chizungulire. Atakhala tsonga, nsalu inatsetsereka, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona ntchafu zawo, zigamba zokhazokha ngati thalauza la m'munda. Anaziyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinagwada pomwepo pamaso pa anthu.

"Bambo a Tadala, si zogonera zimenezo. Ndinakuwotchani ndine pothowa paja."

Iwo anati, "Nanga anati sonkhezerani moto ndani?" Kani ankakumbukira. Misozi inatsika, anaipukuta ndi chikhatho n'kunena kuti, "Tonse ndife mbuli, mayi a Tadala. Dzukani apo, mukundichititsa manyazi."

Kuchoka apo anatitumiza kumalo ophunzitsirako anthu ovulala msana, kumene tinakhala masabata asanu ndi limodzi. Anaphunzira kuchoka pabedi kupita panjinga ya olumala ndi mphamvu ya manja, kudzinyamula pafupipafupi akakhala kuti matako apume, kudziika okha kapaipi ndi kukatsuka, ndiponso kudziyang'ana khungu ndi kagalasi m'mawa ndi madzulo. Ine anandiphunzitsa kuti mwendo wosamva ndi khanda, sunena kuti ndapsa kapena ndalasidwa, woyang'anira ndiwe. Tinabwerera kumudzi anthu akukolola.

Lero papita zaka zisanu ndi chimodzi. Sayenda, ndipo tinasiya kuyembekezera zimenezo. Koma ali moyo, ananenepa, chilonda sichinabwererenso. Nyengo ya fodya anthu amawabweretsera masamba kuti awasankhire, poti diso lawo pa fodya ndi lakuthwa kuyambira kale, ndipo miyezi ina amasoka nsapato pakhonde. Matenda a mkodzo amawagwira mwa apo ndi apo, tikangoona kuti wasintha mtundu timathamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Madzi osamba ndimayamba ndaviikamo chigongono changa. Nyengo yozizira pamoto sayandikira, ngakhale adandaule chotani.

Chaka chatha, mwezi wopachika fodya, ndinamva kukuwa ku esiteti yoyandikana nafe. Bambo wina wa ku Phalombe, tenanti, anagwa kuchokera pamwamba pa chigafa choumitsiramo fodya. Nditafika ndinapeza amuna awiri amugwira m'khwapa akufuna kumuimiritsa, iye akuti miyendo yachita dzanzi. Mkazi wake anali atateleka kale madzi. Sindinapereke moni. Mphika uja ndinaukankha ndi phazi, madzi n'kuzimitsa moto, ndipo amuna aja ndinawakalipira mpaka anamusiya. Ena anati mayiyu wapenga. Ndinatuma anthu kukazula chitseko cha nyumba yathu, tinamugoneka pamenepo anthu anayi mosamupinda, tinamumanga ndi zitenje, mutu titautchinjiriza uku ndi uku, n'kumukweza pagalimoto ya pa esiteti. Dzuwa lisanapendeke anali ali m'manja mwa madokotala.

Ndiye inu amene mukuwerenga, munthu akagwa pachigafa, pangolo, mumtengo kapena panjinga, n'kunena kuti miyendo sakuimva, musamudzutse, musamukhazike, musamukoke kuti muwongole msana. Kusoweka kwa magazi kusakunamizeni. Mugonekeni pa chinthu cholimba, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, katundu adzatola ena. Ndipo chonde, mwendo umene sukumva musauthowe. Wodwala akakuuzani kuti madzi akuzizira, musamukhulupirire.

Bambo wa ku Phalombe uja anatuluka patatha miyezi iwiri. Amayenda ndi ndodo, mokoka mwendo umodzi, koma amayenda. Chitseko chathu chinasowera kuchipatala konko, mpaka pano pakhomo timatseka ndi chiguduli. Tsiku lina bamboyo anadutsa pamsewu akupita kumsika, anakweza ndodo kutipatsa moni. Bambo a Tadala anasiya nsapato imene ankasoka, anamuyang'ana mpaka anakhota pa chigayo.

"Mayi a Tadala," anatero, "chitseko chija tinali nacho kale chaka cha ngolo chija?"

Ndinati eya, tinali nacho.

Anagwedeza mutu, n'kutolanso nsapato ija.