Ulusi wa pa Mapu

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, sukulu za pulaimale zitangokhala zaulere, pamene ndinadziwa kuti ku Joni si kutali. Tinkakhala kufupi ndi Chifunga, ine ndi amayi. Bambo anapita ku Joni kukagwira ntchito yophika m'nyumba ya mzungu ndili wamng'ono, ndipo ndikafunsa chifukwa chomwe sankabwerera kudzationa, yankho la amayi silinkasintha: ndi kutali, munthu amakhala m'basi masiku atatu mpaka miyendo kutupa. Ine ndinkakhulupirira ndi mtima wonse. Anzanga akamandinena kuti ndilibe bambo, ndinkawatseka pakamwa ndi masiku atatuwo.

Tsiku lina aphunzitsi athu, a Mbewe, anapachika mapu pa mtengo womwe tinkaphunzirapo, poti m'kalasi ana sitinkakwanamo. Anatulutsa ulusi m'thumba, nsonga ina naika pa Blantyre, ina pa Johannesburg. Anati basi imakhotakhota kudzera ku Tete ndi ku Zimbabwe, koma ndege imangolondola ulusiwo. Ikanyamuka ku Chileka, pakangotha maola awiri ndi pang'ono yatera.

"Maola awiri eti, aphunzitsi? Ngati popita kuchigayo?" ndinafunsa osakweza n'komwe mkono.

Anzanga anaseka, koma ine mtima unali utafika kale kunyumba. Titaweruka ndinathamanga dzuwa likuswa mtengo, fumbi likutentha kumapazi. Ndinapeza amayi akupeta nandolo pakhonde, pambali pawo patakhala azakhali anga, alongo awo a bambo, munthu wosadziwa kusunga mawu m'kamwa.

"Amayi, alembereni bambo kalata akwere ndege. Akhoza kumwa tiyi ku Joni, masana n'kukhala ali kuno."

Lichero linaima. Azakhali anayang'ana amayi, kenako ine.

"Kodi alamu, mwanayu simunamuuze? Ndegeyo bambo ako anakwera kale pa Khirisimasi, abwana awo ndiwo anawagulira tikiti. Anakhala masabata awiri ku Ndirande kwa mkazi winayo. Ine ndinakawaona."

Pa Khirisimasi imeneyo ndinali nditasesa bwalo lonse ndi kukhala pamsewu tsiku lathunthu, poganiza kuti mwina atulukira. Amayi anangondiuza motsitsa mawu kuti nditole nandolo zomwe zinagwa. Ndinawakwiyira masiku angapo, pakuti kukwiyira munthu amene ali pafupi n'kosavuta.

M'mawa mwake ndinapempha a Mbewe kuti andiyezere ndi ulusi uja kuchoka ku Blantyre kufika kwathu. Anaseka, nati kwathu sikunalembedwe pa mapuwo, koma ndi apa. Anaikapo chala. Chala chimodzicho chinaphimba Blantyre ndi kwathu komwe, ulusi osagwira ntchito.

Bambo anamwalirira ku Joni komweko ndisanawaonenso. Ine ndegeyo ndinadzaikwera nditakula, ndipo a Mbewe sananame, tiyi amene anatipatsa anali asanatsike bwino tikuuzidwa kuti tikutera. Ndili m'mwambamo ndi pamene ndinawamvetsa amayi. Masiku atatu aja sankatchinjiriza nawo bambo ayi. Ankatchinjiriza ine, kuti ndizida msewu m'malo modziwa kuti munthu anawoloka mayiko n'kulephera mtunda wokwana pansi pa chala.