Loko wa aGervásio Wosachita Dzimbiri

AGervásio Nhamutole anabadwa pa 9 Febuluwale 1958 ku Munhava, mumzinda wa Beira, ndipo anayendetsa malole padoko la mzindawu mpaka kupuma pantchito. Tinayandikana nyumba ku Macuti kuyambira 1991. Anali munthu wa manja odekha pa chiwongolero koma wa diso losakhazikika. Amayi ogulitsa nkhanu, amayi a kwaya, ngakhale namwino amene anawabaya jekeseni, aliyense analonjezedwa nyumba ya malata.

Akazi awo, Dona Ermelinda, anapirira mpaka pa 12 Juni 2016, pamene anamanga katundu kuti abwerere kwawo ku Chimoio. Bamboyo anachita mantha. Malumbiro anali atawamaliza kale, la Baibulo ndi la manda a mayi awo lomwe, choncho anatulutsa kakhola kachitsulo kotsekera umuna, kamene mmalinyero wina anawapatsa mwanthabwala. Kanali ndi loko wamng'ono ngati wa pasutikesi. Anadzitsekera okha n'kupereka kiyi.

"Nayi kiyi, mayi. Mbuzi yadzimanga yokha."

"Mbuzi yake iti? Ija imadya ndi chingwe chomwe?"

Komabe mayiwo anailandira, nanena kuti adzatsegula pa Khirisimasi. Katundu anamasula.

Vuto linali nyanja. Chifukwa cha nyamakazi, aGervásio ankasamba m'nyanja m'mawa uliwonse, ndipo kuno mchere umadya mageti, njinga ndi misomali yomwe. Loko atayamba kufiira, anamupaka mafuta a kokonati. Kunabwera nyerere. Atagonja, anapita kwa Feniasse, wosula makiyi pamsika.

"Madala, mwati lokoyo ali pati?"

"Tsitsa mawu, iwe!"

"Mawu nditsitsa, koma kuseka kokha mundilole. Mukavuuka m'nyanja muzimutsuka ndi madzi apampopi, mupukute aume bwinobwino. Kenako mupale mtima wa pensulo, fumbi lakelo muuzirire pabowo la kiyi. Mafuta ophikirawo asiyeni, si nsomba imeneyo."

Bamboyo anasamalira loko ameneyo kuposa mmene anasamalirira ana awo onse. Ndipo chilungamo chinenedwe: miyezi imeneyo sanalakwe. Amayi apamsika anafika podandaula kuti mzinda wazizira.

Pa 25 Disembala Dona Ermelinda anatenga kiyi, atakonzeka kulimbana ndi dzimbiri. Kiyi inangozungulira myaa, loko n'kutseguka ngati wa m'sitolo. Mawu awo tinawamva kudutsa mpanda.

"Loko wapageti timamutsegula tsiku ndi tsiku, koma amalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo. Uyu wakhala m'nyanja chitsekereni, watseguka bwanji chonchi? Akumutsegula ndani?"

"Ndi pensulo, mayi!"

"Pensulo? Eee, tsopano mwafika kwa aphunzitsi?"

M'mawa mwake anawakokera kwa Feniasse. Iye anavomereza za pensuloyo, koma pakamwa pake panalibe chotsekera.

"Kungoti amayi, loko aliyense amabwera ndi makiyi awiri."

AGervásio analumbira kuti inayo anaiponya m'nyanja tsiku loyamba lomwe, ndipo zinali zoona. Koma munthu amene wanama ukwati wake wonse, tsiku limene wanena zoona zimamveka ngati bodza losaphika bwino. Pa 27 Disembala mayiwo anasiya kiyi patebulo n'kukakwera basi ya ku Chimoio.

Apa m'pamene bamboyo anaganiza nzeru yawo yomaliza. Anadzitsekeranso, nathamangira kudepoti, n'kuponyera kiyi pawindo la basi. Popeza ukhondo unawapachika, anati dzimbiri ndilo lidzawachitire umboni. Anasiya kutsuka, anasiya pensulo, koma kunyanja sanasiye.

Pa 4 Epulo 2017 anagonekedwa m'chipatala atatupa, akuyenda ngati bakha. Anamwino anaitanitsa Feniasse ndi sowo yake yodulira zitsulo.

"Madala, musatsokomole," anatero Feniasse. "Sowo ilibe maso."

Atachira, anakulunga loko wodukayo m'kansalu, wofiira ngati njerwa, n'kupatsira kondakitala wa basi kuti akapereke ku Chimoio. Kenako anameta ndevu, nadikira pageti.

Kondakitala anabwerako ndi kansalu komweko.

"Amayi aja auona umboni wanu, madala. Akuti akukhulupirira kuti ulendo uno palibe anatsegula. Akuti zikusonyeza kuti ku Beira kulibenso okufunani, ndiye iwo akufunireninji?"