Nsalu Imene Ndinafunditsa Kompyuta

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pepala. Amalume a ku Bembeke anamva kutchalitchi kuti ofesi ina ya zaulimi pa boma la Dedza ikufuna munthu wodziwa kompyuta, ndipo digiri yanga inkanena kuti ndine ameneyo. Linali bodza lamkunkhuniza.

Zaka zinayi ku yunivesite, kompyuta tinaiphunzira pa bolodi. Tinkalemba mapulogalamu m'makope, aphunzitsi n'kuchonga ndi bolopeni yofiira. Kompyuta yeniyeni inalipo imodzi, yofunditsidwa nsalu, kiyi wa chipinda chake ali m'thumba la mkulu wa dipatimenti. Kufunsa chifukwa chake? Masiku a chipani chimodzi amenewo wofunsafunsa ankasowa. Tinkangokopera basi.

Kuofesiko kompyuta inkasunga zotsatira za minda yoyeserera ya ku Kaphuka: mbatatesi iti imapirira matenda a chiwawu, iti imapserera. Alimi ankadikira yankho asanasankhe mbewu. Abwana, a Kamwendo, anangondilozera mpando. "Inu ndi a digiri, sitingakuphunzitseni ife."

Sabata yachiwiri kunachita chimphepo cha fumbi. Popita kukadya masana ndinachita chinthu chokhacho chimene ndinaonapo anthu ophunzira akuichitira kompyuta: ndinaifunditsa nsalu yapatebulo, yochindikala, mbali zonse, ili chiyakire. Pobwera ndinalandiridwa ndi fungo la pulasitiki wopserera. Ndinadina batani, zii.

"Ntchito ya zaka zitatu!" anakuwa a Kamwendo. "Alimi ndikawauza chiyani? Longedzani muzipita."

A Nachisale, mayi wotaipa makalata amene sukulu analekeza fomu thu, anatsegula dirowa n'kutulutsa katoni ya madisiki. Lachisanu lililonse ankakoperamo zonse popanda wowatuma. Anaphunzira okha, pofunsa amisiri obwera kudzakonza.

"Achimwene," anatero motsitsa mawu, "chinthuchi chimapumira kumbuyoku. Kusukulu kuja sanakuuzeni?"

Sanandiuze. Manyazi anandigwira. Zaka zinayi, mkanjo, chisoti, abale kululutira, munthu osadziwa n'komwe kuti makinawo ali ndi fani!

Chifukwa cha madisiki aja, alimi analandira yankho lawo mvula isanagwe. Ine ndinatsala pantchito chifukwa a Nachisale anandipepesera. Kwa miyezi ingapo ndinkakhala pambali pawo ndi kope, kufunsa zonse zimene ku yunivesite ndinkaopa kufunsa. Mpaka lero wa digiri akabwera kudzafuna ntchito kwa ine, pepala lake ndimaliika kaye pambali. Ndimamulozera mpando wa pakompyuta n'kumuuza kuti, "Tayatsani tione."